Ana a ku Ndirande: mafunso amene anthu amandifunsa, ndi mayankho ake

Aliyense wa mu Blantyre ali ndi nkhani yake ya Ndirande, ngakhale amene sanapondeko phazi. Wina amakudziwa chifukwa cha msika, wina chifukwa cha ndale ndi masapota a Bullets, wina chifukwa mayi amene amamuchapira zovala amachokera kumeneko m'bandakucha. Za ana a kumeneko zimafunsidwa mwa apo ndi apo, ndipo nthawi zambiri wofunsayo amakhala atadziyankha kale mumtima. Ine ndinakulira konko, m'nyumba za lendi zinayi ndisanamalize Sitandade 8, ndipo abale anga ena akadali komweko. Mafunso ali m'munsiwa ndimawamva kwa anzanga a kuntchito ndi kwa achibale a ku Joni ndi ku Mangalande amene amafuna kutumiza kangachepe koma sadziwa kuti kakafikire ndani. Wa ku Mbayani, ku Bangwe, ku Chilobwe kapena ku Mtandire ndi ku Mgona mu Lilongwe azindikiramo zambiri za kwawo.

Kodi Ndirande ndi malo otani kwa mwana amene akukulirako?

Ndirande ali m'tsinde mwa phiri la dzina lomwelo, makilomita ochepa kuchokera pakati pa mzinda. Mbali ina kuli mafakitale a ku Makata, mbali ina kuli mipanda italiitali ya ku Nyambadwe, ndipo pakati pamadutsa mtsinje wa Nasolo umene umakathira mu Mudi. Munthu wa komweko sangokuuzani kuti amakhala ku Ndirande n'kusiyira pomwepo. Amatchula Goliyo, Safarao, Chinseu, Malabada, Newlines kapena Matope, chifukwa lendi, madzi ndi matope a m'njira zimasiyana malinga ndi kumene uli. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira pang'ono 800,000 mumzinda wa Blantyre, ndipo oposa theka la anthuwa amakhala m'madera ngati amenewa, kumene nyumba zinamera zokha khonsolo isanayeze misewu.

Nyumba ya banja lambiri ndi chipinda chimodzi ndi balaza, kapena chipinda chimodzi basi chogawidwa ndi chitenje. Usiku mipando imaunjikidwa pakona, mphasa n'kuyalidwa, ana n'kugona mondondozana ngati usipa pa thandala. Panja pali bwalo limodzi, chimbudzi chimodzi ndi bafa imodzi ya mabanja asanu kapena kuposerapo. Mwana wa pamalo otere sakhala yekha ngakhale mphindi imodzi. Akagwa pamakhala womudzutsa. Koma zonse zimene akuluakulu akuchita, mikangano, kachasu, alandilodi akamazula chitseko chifukwa cha lendi ya miyezi iwiri, amaziona ndi maso ake.

Koma m'tauni muli magetsi, zipatala ndi sukulu pafupi. Mwana wa kuno sali bwino kuposa wa kumudzi?

Mukayang'ana ziwerengero zokha munganene choncho. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira: kumidzi anali 39, m'matauni 25. Vuto la nambala ya m'tauniyo n'lakuti imaphatikiza mwana wa ku Nyambadwe ndi wa ku Goliyo m'thumba limodzi, n'kuwagawira mkaka mofanana papepala.

Kusiyana kwenikweni kuli pa ndalama ya tsikulo. Kumudzi banja likhoza kukhala lopanda khobidi sabata yathunthu koma m'nkhokwe muli chimanga, kudimba kuli nkhwani, nkhuni zili kutchire, madzi ali pamjigo. Ku Ndirande zonsezi zimagulidwa, ndipo zimagulidwa lero ndi ndalama imene yapezeka lero. Bambo akapita ku Makata kukaima pageti kudikira ganyu n'kubwerako chimanjamanja, kapena mayi akalandidwa dengu la nthochi m'tauni, madzulo amenewo mbaula siyaka. Palibe nkhokwe yoti utapemo.

N'chifukwa chake chilichonse kumeneko chimagulitsidwa mochepetsetsa. Ufa umamangidwa m'kajumbo kokwana nsima imodzi, kamene anthu amati wokumani. Mafuta ophikira amathiridwa m'timapepala tomanga kumutu, makala m'kajumbo kophikira kamodzi, bonya pakamulu, shuga wa tiyi mmodzi. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amadziwa mitengo yonseyi kuposa nduna, chifukwa ndi amene amatumidwa, ndipo amadziwa okala imene imapyoza ndi imene imabera. Chopweteka n'chakuti wogula pang'onopang'ono amalipira zambiri kuposa wogula thumba lathunthu. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ogulitsa ambiri sanathe kukweza mtengo mmene zinthu zinakwerera, poti ogula analibe. Anangochepetsa kajumboko. Nsima imene inkakhutitsa anthu anayi inayamba kukwana atatu, ndipo mayi ndi amene ankanena kuti wadya kale.

Ngakhale thandizo la boma linayambira kumidzi. Mtukula Pakhomo anayamba ku Mchinji mu 2006 ndipo anafalikira m'maboma. Mabanja osauka a m'mizinda anaonako ndalama ya mtundu umenewu mu 2021, nthawi ya Covid, pamene ena analandira K35,000 pamwezi kwa miyezi itatu.

Tsiku la mwana wa kumeneko limayamba bwanji?

Limayamba ndi madzi. Nyumba zambiri zilibe mpopi, ndiye madzi amagulidwa pa kiyosiki, ndowa ndi ndowa. Madzi ambiri a mu Blantyre amachokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amachita kupopedwa ndi magetsi kukwera mapiri onsewo. Magetsi akavuta madzinso amavuta, ndipo okhala kumtunda ndi amene amayamba kuuma kukhosi.

Mukadzuka cha m'ma 4 koloko mudzapeza mzere wa zigubu ndi ndowa pa kiyosiki, eni ake kulibe. Chigubu ndicho chimagwira malo. Mtsikana wa zaka khumi amasiya chake pamenepo, n'kuthamangira kunyumba kukasesa pabwalo ndi kukoleza mbaula, khutu lili kumpopi. Akangomva phokoso la madzi m'ndowa yoyamba amaliyatsa liwiro, chifukwa chigubu chopanda mwini chimakankhidwira kumbuyo. Chikadzadza, malita 20 amenewo ndi makilogalamu 20. Amapinda chitenje kukhala nkhata, mayi wina amene sakumudziwa n'komwe amamusenzetsa, iye n'kuyamba kukwera kanjira ka miyala khosi litauma gwa, madzi akumutsikira kumsana. Maulendo awiri kapena atatu otero, kenako asambitse mng'ono wake, asambe iye, avale yunifolomu. Akafika kusukulu mochedwa amapatsidwa chibalo chosesa. Ndinaziona kwa mlongo wanga, ndipo ine ndinkangodzuka n'kusamba madzi omwewo osafunsa kuti abwera bwanji.

Sukulu ya pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994. Nanga bwanji ana ena amangoyendayenda nthawi ya sukulu?

Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi mu 1994, ana a m'sukulu za pulayimale anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'kanthawi kochepa. Chinali chinthu chachikulu, ndipo ambirife tikanapanda chimenecho sitikanadziwa kulemba dzina. Koma fizi yokha ndi imene inachoka. Kunatsala ndalama ya chitukuko, ya mlonda, ya mayeso, ya lipoti, makope, zolembera, ndi ya pati taimu imene mwana wa Sitandade 8 amaona ngati popanda iyo sangakhoze. Iliyonse payokha ndi yochepa. Kwa mayi wa ana anayi amene akuwerengera ya wokumani, zikakumana tsiku limodzi amasankha mwana mmodzi woti apite.

China chimene anthu sachiganizira ndi kusamuka. Banja likalephera lendi limasamuka, nthawi zina usiku, kupita kumene nyumba ndi yotsikirapo. Mwana amapezeka ali kutali ndi sukulu yake pakati pa teremu. Kukatenga kalata ya transifa kumafuna kholo lisiye geni tsiku lathunthu, ndiye zimayamba ndi "tipita Lolemba", Lolemba n'kukhala mwezi. Ine ndinabwereza Sitandade 4 chifukwa cha zimenezi, osati chifukwa cha mutu. Ndipo m'kalasi ya ana oposa 100 okhala pansi, mphunzitsi ngakhale akhale wabwino chotani sangazindikire msanga kuti mmodzi wasowa.

Amene wapirira mpaka kulemba mayeso a MANEB a Sitandade 8 amakumana ndi khomo lopapatiza, chifukwa malo a ku sekondale ndi ochepa kuyerekeza ndi okhoza. Ambiri a m'madera ano amene amasankhidwa amapita ku ma CDSS, sekondale zoyendera za m'madera, ndipo ena amalowa makalasi a masana olipira.

Phala la kusukulu limene limatchulidwa kawirikawiri, n'lofunikadi chonchi?

Funsani mphunzitsi aliyense kuti m'kalasi mumakhala bwanji tsiku limene phala kulibe. Bungwe la Mary's Meals linayamba kudyetsa ana m'dziko muno mu 2002, ndi ana pafupifupi 200, ndipo lero likupezeka m'sukulu zambiri za mu Blantyre. Phalalo ndi likuni phala, la chimanga ndi soya, lotchedwa dzina la Likuni wa ku Lilongwe. Ophika ndi amayi a m'dera lomwelo, ongodzipereka, amene amafika kusanache kudzasonkha moto pansi pa mapoto aakulu.

Muone kapu. Mwana akhoza kuiwala kope, koma kapu ya pulasitiki imakhala m'jumbo kapena yomangirira pachingwe m'khosi. Ena amamwa theka, theka linalo n'kuvundikira kuti akapatse mng'ono wawo wotsala kunyumba. Pa holide ana amenewa amaonda, ndipo ndi okhawo amene ndikuwadziwa oti sasangalala sukulu ikatsekera.

Ana ogulitsa mandasi, mazira ndi mafirizesi m'misewu: kodi si kugwiritsa ana ntchito kumene malamulo amaletsa?

Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, komanso kupatsa aliyense wosakwana zaka 18 ntchito yoika moyo, thanzi kapena maphunziro ake pachiswe. Papepala n'zomveka. Pansi pamafunika kusiyanitsa.

Mwana amene waweruka kusukulu n'kukhala pabenchi la amayi ake maola awiri, akugulitsa zitumbuwa uku akulemba homuweki, ine sindimudandaula kwenikweni. Ambirife masamu tinaphunzirira pa chenje. Amene amandidetsa nkhawa ndi uja ali ndi bakete la mazira owiritsa pakhomo la bala 10 koloko usiku, atauzidwa kuti asabwere mazira asanathe. Ndi uja amatola zitsulo zakutha ndi mabotolo mumtsinje wa Nasolo wopanda nsapato, kapena amakwera mpaka kudzala la ku Mzedi. Ndi mtsikana uja anatengedwa kumudzi ndi "anti" pomulonjeza sukulu, lero ndi amene amadzuka woyamba n'kugona womaliza, sukulu osaiona. Womalizayu saoneka pamsewu, ndipo nthawi zambiri sakhala ku Ndirande: amakhala kuseri kwa mipanda ya anthu olemekezeka amene amadandaula za ana ogulitsa mandasi.

Kulanda bakete la mwana sikuthetsa kanthu, poti mawa mpamba udzakongoledwa pa katapila, mwana yemweyo n'kubwerera pamsewu ali ndi ngongole pamutu. Funso loyenera n'lakuti kunyumbako kwatani kuti chakudya cha banja chidalire miyendo ya mwana wa zaka 9.

Kopanda mabwalo ndi zidole, amasewera chiyani?

Apa ndiye musawamvere chisoni msanga. Mpira wachikulunga uli ndi akatswiri ake. Pakati amaika mapepala kapena siponji yakutha, ena amapopa kabaluni kuti mpira uzidunda. Kenako amakulunga majumbo, limodzi pamwamba pa linzake, akukanikiza ndi bondo kuti ukhale wozungulira. Jumbo lomaliza limakhala lolimba, la shuga kapena la buledi, ndipo amaliwaula pang'ono pa mbaula kuti limatane. Pamapeto pake amaluka ndi chingwe cha thumba kapena mphira wa tayala, mfundo ndi mfundo ngati ukonde. Wodziwa kuluka amalemekezedwa, ndipo mwini mpira satuluka m'timu ngakhale akhale wosatha. Magolo ndi miyala iwiri, bwalo ndi msewu, galimoto ikamabwera masewero amaima n'kuyambiranso pomwe anasiyira. Timu ina ndi Maule, ina Manoma, ndipo ndewu yake imakhala yeniyeni.

Atsikana ali ndi fulaye, phada ndi jingo, koma onani kuti ambiri amasewera mwana ali kumsana, kapena atamukhazika pambali pa chitenje. Kuli magalimoto a mawaya okhala ndi chiwongolero chachitali, matayala a zitsekerero za mabotolo. Kuli masanje, kumene mwana amabera amayi ake kaufa ndi kamchere n'kukaphikira m'chitini. Ndipo kuli vidiyo sho, kachipinda ka mdima ka mabenchi kumene amaonetsa mpira wa ku England ndi mafilimu omasuliridwa m'Chichewa. Vidiyo sho ndimaikonda ndi kuida pamodzi: ndi kumene tinaonera dziko, komanso ndi kumene ana ena amathera tsiku lonse la sukulu, n'kuonanso zimene si za msinkhu wawo usiku ukagwa.

Ndi matenda ati amene amavutitsa ana kwambiri?

Ambiri amayambira pa madzi ndi chimbudzi. Kiyosiki ikauma anthu amatunga pa zitsime zosaya, pamene zimbudzi zokumba zili pamtunda pomwepo. Kutsekula m'mimba n'kwa tsiku ndi tsiku. Tayifodi anakhazikika m'maderawa moti mu 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, a miyezi 9 mpaka zaka 12, analowa m'kafukufuku wa katemera watsopano wa matendawa. Zotsatira zinaonetsa kuti katemerayo amateteza ana pafupifupi 8 mwa 10 alionse, ndipo mu Meyi 2023 boma linayamba kumupereka m'dziko lonse. Mwana wa ku Karonga kapena ku Nsanje amene anabayidwa katemera ameneyu ali ndi mangawa kwa amayi a ku Ndirande amene anavomera kupereka mikono ya ana awo, anthu ena akuwaopseza ndi nkhani za opopa magazi.

Kolera amene anayambira ku Machinga mu Malichi 2022 anapha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsekulira ndi masabata awiri. Kuwonjezera apo pali chifuwa ndi chibayo, zimene utsi wa mbaula m'chipinda chotseka umakolezera, ndi zilonda za moto, poti mbaula imakhala pansi pamene mwana akukwawa. Wonyentchera amalandira chiponde kuchipatala, ndipo woti wafooka kwambiri amatumizidwa ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Chiponde ndi mankhwala a mwana mmodzi, koma m'nyumba ya ana anayi anjala n'kovuta kuti mayi adyetse mmodzi enawo akuyang'ana.

Namondwe wa Freddy anawakhudza bwanji?

Mvula ya pa 12 ndi 13 Malichi 2023 inagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kutsikira pa Chilobwe ndi Manja anthu ali m'nyumba. M'chigawo chonse cha kummwera anthu oposa 600 anapezeka atafa, oposa 500 sanapezeke, ndipo oposa 650,000 anasowa pokhala. Ku Ndirandenso nyumba za zidina zinagwa. Sukulu zinatsekedwa, zina monga Naotcha ndi Manja n'kusanduka misasa, ana akugona m'makalasi momwe ankaphunziriramo.

Anthu ankafunsa kuti amangiranji m'phiri. Amamanga kumeneko chifukwa ndi kumene puloti ndi lendi zimatsika, ndipo mapiri omwewo anametedwa kalekale: nkhalango ya m'phiri la Ndirande inatha m'zaka za m'ma 1990. Mwana sasankha pomanga nyumba. Chimene chinatsala mwa ana ambiri sichioneka ndi maso. Mwana wa mbale wanga, amene nyumba yawo inangong'ambika khoma osagwa, mpaka lero mvula ikayamba kulira pamalata usiku amadzuka n'kuvala nsapato, n'kukhala pakhomo chete kudikira kuti auzidwe kothawira.

Ana amasikini a m'tauni ndi ku Limbe amachokera kumeneku? Ndiziwapatsa ndalama?

Ambiri ali ndi kwawo, ndipo ena madzulo amabwerera ku Ndirande, ku Mbayani kapena ku Bangwe ndi zimene apeza. Ena amatsogolera kholo kapena gogo wosaona. Ogoneratu m'makhonde a masitolo ndi pansi pa milatho ndi ochepa poyerekeza, ndipo mukawafunsa bwinobwino nkhani yake imakhala ya bambo wopeza wa nkhanza, maliro a mayi, kapena kuba kakobidi kunyumba n'kuopa kubwerera. Pamsewu amapeza gulu lokhala ndi akuluakulu ake, amene amateteza komanso kulanda ndi kuzunza. Ndi zoona kuti ena amatsomphola mafoni ndi zikwama, ndipo woberedwa ali ndi chifukwa chokwiyira. Koma lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limati mwana wolakwa aweruzidwe ngati mwana, asatsekeredwe pamodzi ndi akuluakulu, ndipo malo ngati Mpemba ndi Chilwa alipo kuti akonze khalidwe.

Za ndalama, maganizo anga ndi awa: ya pawindo la galimoto imathandiza wopereka kumva bwino kuposa mmene imathandizira mwana, ndipo ikachuluka imapangitsa msewu kupindulitsa kuposa kalasi. Komabe sindingakuuzeni kuti mwana wanjala akati "abwana, ya nsima" muzitseka galasi. Mugulireni chakudya, mufunseni dzina ndi kumene amakhala. Mabungwe monga Chisomo Children's Club, limene linayamba mu Blantyre mu 1998, ndi Samaritan Trust, ntchito yawo ndi yofufuza kwawo kwa ana otere ndi kuwabwezera kusukulu. Ntchitoyo ndi yochedwa, ndipo mwana amatha kuthawa kawiri katatu asanakhazikike.

Nanga atsikana, mavuto awo ndi osiyana?

Ndi omwewo, kuphatikizapo ena. Mtsikana akangoyamba kusintha thupi, njira yomweyo ya kumpopi ndi kumsika imasanduka ina. Wa kabaza, wa pa chiwaya, wa okala, aliyense ali ndi kanthu kakang'ono koti amupatse, ndipo kwa mwana amene sanadye m'mawa tchipisi si kanthu kakang'ono. Malamulo alipo: kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo ukwati pansi pa msinkhu umenewu ndi woletsedwa. Koma sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid, lipoti la boma linapeza atsikana pafupifupi 40,000 atatenga mimba ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000 m'miyezi yochepa. Zinaonetsa kuti sukulu, ngakhale yothithikana, inali mpanda.

Wobereka amaloledwa kubwerera kusukulu, ndipo ndondomeko imeneyi ilipo kuyambira 1993. Chimene chimavuta ndi womusiyira khanda, ndi pakamwa pa anzake. Amene ndawaona atabwerera n'kumaliza, pafupifupi onse anali ndi mayi kapena gogo amene anati "bweretsa mwanayo kuno, iwe nyamula makope."

Anthu amati ana a ku Ndirande ndi olimba mtima. N'zoona, kapena ndi mawu ongotonthoza?

N'zoona, ndipo sindichita nazo manyazi. Mwana wa kumeneko amadziwa kunenerera mtengo, kuwerenga nkhope ya munthu, kuphika nsima pa makala atatu, kusamala khanda, kupanga choseweretsa ndi zinthu zimene ena ataya. Ukamuika pakati pa anthu achilendo sasowa chonena. Amene tinadutsamo timazindikirana ngakhale m'maofesi.

Koma mawu amenewa ndimawaopa akamatuluka pakamwa pa munthu wokhuta, chifukwa kawirikawiri amatanthauza kuti "azolowera, asiyeni." Mwana amene salira akagona ndi njala sikuti njalayo siikumupweteka. Wangophunzira kuti kulira sikubweretsa nsima. Ndipo tikamawerenga olimba timawerenga amene tikuwaona. Anzanga ena a mpira wachikulunga anathera ku kachasu, ena kundende ya Chichiri, ena kumanda asanafike zaka 30, ndipo sanali ofooka kuposa ine.

Ndikayang'ana amene anapulumuka, sindipeza mtima wapadera. Ndimapeza munthu wamkulu mmodzi amene ankazindikira mwanayo akasowa. Kwa ine anali mayi wa nyumba yoyandikana nayo, wogulitsa makala, amene akaona kuti kwathu utsi sunafuke ankangoitana kuti, "Iwe, tabwera undithandize ndiwozi zingawonongeke." Ndiwozo sizinali zoti n'kuwonongeka, unali bonya wowerengeka. Ankanena choncho kuti amayi anga asachite manyazi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, amatero akuluakulu, ndipo ku Ndirande mwambiwu umagwira ntchito pabwalo la lendi pakati pa Mlomwe, Myao, Msena ndi Mngoni amene sali pachibale. Pamwamba pa aneba pali banki m'khonde ndi chipereganyu za amayi, milaga ndi miphakati ya kutchalitchi, madrasa, kwaya, ndi mnyamata uja amasonkhanitsa ana madzulo n'kudzitcha kochi. Banja likasamuka chifukwa cha lendi, mwana amataya zonsezi tsiku limodzi.

Ndikaona mwana akuzunzidwa ndichite chiyani?

Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Mukhozanso kupita ku Victim Support Unit pa polisi iliyonse, kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Ngati mwana wagwiriridwa, chipatala chikhale choyamba, pasanathe maola 72, kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Ku Gulupu kuli One Stop Centre ya nkhani zotere. Musalole zoti "tikambirana pachibale" kapena kulipitsana mbuzi, makamaka wolakwayo akakhala amene amagula ufa pakhomopo, poti apa m'pamene nkhani zambiri zimakwiriridwa.

Ndili kutali koma ndikufuna kuthandiza. Ndiyambire pati?

Yambani ndi kufunsa kuti mwanayo akusamalidwa ndi ndani, n'kulimbitsa munthu ameneyo. Lendi ya miyezi itatu ya gogo amene akulera zidzukulu imasunga ana pasukulu imodzi ndi pakati pa aneba omwewo, chimene katoni ya zidole za Khirisimasi singachite. Mpamba wa geni ya mayi ndi wabwino, bola musayembekeze kuti ubwerera wonse, chifukwa mwana akadwala umadyedwa. Ngati ndi za sukulu, lipirani kusukulu komweko ndipo pemphani lipoti teremu iliyonse, osati pofuna kugwira wina bodza, koma kuti mwanayo adziwe kuti kuli munthu amene amaliwerenga. Kumutenga kupita naye kumalo osungira ana amasiye kukhale komaliza, abale onse atalephereka. Ndipo chonde, musamujambule atanyamula thumba la ufa n'kumuika pa Facebook. Anzake a kusukulu ali ndi mafoni a azikulu awo ndipo adzamuona.

Musaiwalenso nyengo. Seputembala amafuna makope, yunifolomu ndi nsapato. Januwale ndi Febuluwale ndiye miyezi yowawa: chimanga chakwera, maganyu a zomangamanga aima chifukwa cha mvula, ya Khirisimasi inatha, denga likudontha. Ambiri amatumiza mu Disembala. Ngati mungathe kutumiza kamodzi kokha pachaka, sungani mpaka sabata yachiwiri ya Febuluwale.